Filiji ya Abiti Usumani

Mukafika ku Liwonde n'kufunsa za Sofia, anthu angokuyang'anani. Koma mukati Abiti Usumani, mayi a filiji, ngakhale wakabaza amene wabwera dzana akulozerani kanjira kotsikira kuseri kwa msika. Masiku ano mayiwo amagulitsa tomato ndi anyezi pakhonde, salankhula zambiri, ndipo filijiyo yangoima pangodya, m'kati muli mbale ndi thumba la mchere. Sinawonongeke iyayi. Eni ake ndi amene anaisiya.

Kale sanali achete chonchi. Anali mayi aafupi, achangu m'miyendo ndi pakamwa pomwe, oti mkangano wa pamjigo sunkatha asanaponyepo mawu awo. Anabadwira cha ku Ntaja, sukulu anaisiyira panjira, ndipo ku Liwonde anabwera ndi banja, atakwatiwa ndi Che Twalibu, telala wa pakhonde la sitolo ina pamsika. Ana anabereka angapo koma anakula mmodzi, Yasmin, amene anakwatiwa ku Balaka. Motero m'nyumbamo anatsala awiriwiri, mwamuna wofatsa ngati nkhosa ndi mkazi wolankhulira onse awiri.

Filijiyo inabwera ndi achimwene awo a Akimu, chaka chimene anabwerako ku Joni. Abale ena analandira mabulangete ndi mafoni, koma mlongo wawo anamutsitsira chinthu choyera, chotalika kumulekeza m'khosi, chokalikakalika m'mbali chifukwa cha ulendo. Inali yakale ndithu, ya chitseko chimodzi, yokhala ndi kachipinda kakang'ono m'mwamba kopangira ayisi. Anthu anadzaza pakhomo kudikira kuti iyatsidwe, koma a Akimu anakana.

"Lero iyayi, chemwali. Yayenda chogona ulendo wonsewu. Iime kaye tsiku lathunthu, mafuta ake abwerere m'malo mwake."

Limeneli linali lamulo loyamba. Ena onse Abiti anawatola okha, kwa amisiri, kwa ogulitsa nyama, kwa aliyense amene filiji yake inamufera, ndipo anawasunga mwina kuposa mmene ankasungira malangizo a ku chinamwali. Anaiika pa thabwa kuti madzi okolopera asaidyetse dzimbiri. Kukhoma anaisiyira mpata woti dzanja lilowe, ankati chinthu chimenechi chimapumira kumsana. Fumbi la pa mawaya akumbuyo ankalisesa ndi kaburashi kakekake, ndipo labala wa pachitseko ankamupukuta ngati akupukuta m'khosi mwa khanda. Ayisi akakula m'kachipinda kaja, ankazula pulagi, n'kuikamo beseni la madzi ofunda, n'kukhala pansi kudikira kuti agwe yekha. Mpeni sunkayandikira. Anali ataona ndi maso awo mayi wina wa kunjanji akugoba ayisi ndi mpeni, n'kumva kuti psii, gasi yense wapita, filiji n'kusanduka kabati. Akatha ankatsuka m'kati ndi madzi a soda, n'kuika khala limodzi m'kambale kuti lizimwa fungo.

Chimene chinkawathamangitsa kwambiri ndi magetsi. Akangozima, kaya ali pa mtondo kaya ali ndi alendo, ankadzambatuka kukazula pulagi, chifukwa magetsi a kuno amapita mwaulemu koma amabwera ndi ukali. Akayaka, ankadikira kaye kuti akhazikike. Ndipo chitseko sichinkatsekulidwa chisawawa. Munthu akaima patsogolo pake n'kumadzikanda m'mutu, Abiti ankakuwa ali kukhitchini: "Mukufuna chiyani? Ganizani kaye chitseko chili chotseka!"

M'filijimo ndi mmene munkachokera ndiwo za pakhomopo. Ankapanga mafilizesi a malambe ndi a bwemba, n'kumanga madzi akumwa m'timapepala ta pulasitiki, ndipo masana ankanyamula kulaboksi pamutu kupita pamene pamaima maminibasi. Mwezi wa Ramadani dzuwa likapendeka, pakhomo pawo pankakhala mzere wa mabotolo a anthu ofuna kumasula kusala kwawo ndi madzi ozizira. Anansi ankabweretsanso zawo zoti asungitse, koma pachitseko panali chipikisheni choopsa kuposa cha pa malire a dziko ku Mwanza. Nkhumba, mbewa ndi mowa sizinkalowa. Nyama inkayamba yafunsidwa kuti wazinga ndani. Mayi Elsie, mnansi wawo wa Chikatolika amene ankagulitsa nsomba za mu Shire, anazolowera kumangotambasula phukusi lawo okha asanafunsidwe, uku akuseka.

Che Twalibu ankaziona zonsezi n'kumapukusa mutu. "Ine mitala ndinaikana," ankauza anzawo pakhonde, "koma yandipeza m'nyumba mwanga momwe. Abiti ali ndi amuna awiri, ine ndi Che Filiji, ndipo wamkulu si ine."

Ankangonena, pakamwa saikapo chitseko. Aliyense wodziwa nyumba ija ankadziwa kuti chabwino chilichonse chinali cha Che Twalibu. Nkhuku ikazingidwa, nthutumba inali yawo. Chambo chikaphikidwa, mutu unali wawo. Mkeka ukayalidwa pansi pa mtengo, mbali ya mthunzi wokhuthala inali yawo. Abiti anakula akuona amayi awo akutero, ndipo sankachita mokakamizika. Ankawakonda amuna awo, ngakhale mawu amenewa sanawatulutsepo pakamwa. Chikondi chawo chinkaonekera pa kasankhidwe ka malo ndi ka nthuli.

Ndiye kunabwera matenda. Che Twalibu anayamba kuwonda, mkanjo n'kumangolendewera pa mapewa, ndipo pamene ataya madzi pankasonkhana nyerere. Kuchipatala anati ndi shuga. Anayamba ndi mapiritsi, mapiritsi anagwira kwa kanthawi n'kutopa, ndipo tsiku lina bambowo anabwerako ndi kabotolo kakang'ono ngati chala chachikulu, pamodzi ndi majakisoni oti azidzibaya okha.

"Akuti kazikhala pozizira," anatero akuvula nsapato. "Amene alibe filiji akuti azikakwirira mu mchenga wonyowa, mumtsuko."

"Mumtsuko? M'nyumba ya Abiti Usumani? Tabweretsani kuno, bambo a Yasmin, musandichititse manyazi."

Anatsuka kapu ya chivindikiro, n'kuikamo kabotoloko, n'kuipatsa malo pa shelefu yapakati, kutali ndi nsomba za mayi Elsie. Ndipo mankhwala anagwira. Thupi linabwerera, maso anawala, makina osokera anayambanso kulira pakhonde. Kuyambira pamenepo moyo wa Che Twalibu unali m'kabotolo kameneko, ndipo kabotoloko kanali m'manja mwa Abiti. Iwo ankadziwa zimenezi, ndipo m'mawa uliwonse ankakanyamula ndi manja awiri. Kakatha ankapita kukatenga kena, ndipo zinayenda bwino chomwecho mpaka dzinja linadutsa, chisanu n'kudutsanso.

Amene sanakhaleko ku Liwonde mwezi wa Okutobala asamanene kuti kutentha amakudziwa. Malata amathetheka okha, phula wa pamsewu amamata ku nsapato, ngakhale agalu amasiya kuuwa. Chaka chimenecho madzi anachepa, ndipo magetsi ankazima m'mawa n'kudzayaka dzuwa litalowa. Abiti anachita zonse zimene ankadziwa. Anafunditsa filiji bulangete, analetsa anansi kusungitsa zinthu zatsopano, chitseko anachisandutsa choletsedwa. Koma tsiku lina chakumasana anatsekula kuti aone, n'kugwira kapu ija. Inali yofunda ngati tiyi woiwalika patebulo.

Anapisa dzanja m'kachipinda ka m'mwamba, n'kupeza kuti uko kudakali kozizira, mabotolo a madzi adakali gwa. Izi sizinawadabwitse. Aliyense wosunga filiji amadziwa kuti magetsi akazima, kuzizira kumathera m'munsi koma m'mwamba kumachedwa. M'mwambamo ndiye munali malo abwino kuposa onse m'nyumba ija, malo a malonda awo, ndipo m'nyumba ija malo abwino ankadziwika mwini wake. Sanaganize kawiri. Anatulutsa mafilizesi a pakati penipeni, n'kupatsa ana a anansi ulere, ndipo m'malo mwake anakhazikamo kabotolo ka amuna awo, mabotolo a ayisi atakazinga mbali zonse.

Madzulo magetsi anayaka, filiji inagwira ntchito yake mokhulupirika monga mwa masiku onse, ndipo kutacha mankhwala anali olimba ngati mwala. Abiti sanade nkhawa. Anafumbata kabotoloko m'dzanja uku akutakasa phala ndi dzanja linalo, ndipo phala lisanapse kanali katasungunuka. Anaganiza ngati mmene akanaganizira mayi aliyense wodziwa ntchito yake: nyama imaundana n'kusungunuka n'kukhalabe nyama, thobwa limaundana n'kusungunuka n'kukhalabe thobwa, ndipo chinthu choundana ndiye sichiwonongeka n'komwe. Anakondwera kuti apeza nzeru yogonjetsera dzuwa.

Apa ndi pamene panalakwika, ndipo ndimamva chisoni nthawi zonse ndikafika pamenepa. Mankhwala a shuga obaya amafuna kuzizira, koma akaundana amatha mphamvu, ndipo kusungunuka sikuibwezera. Abiti sankadziwa. Sanafunsenso, chifukwa pa nkhani ya filiji m'dera lonselo iwo ndi amene ankafunsidwa. Tsoka silinunkha.

Che Twalibu anapitiriza kudzibaya pa nthawi yake, osadumphitsa. Ludzu litayamba kuwavuta, palibe anadabwa, pakuti Liwonde yense anali ndi ludzu. Atayamba kutuluka pafupipafupi kukataya madzi, anati nanga munthu womwa chomwechi angalekerenji. Mkanjo unayambanso kulendewera. Kenako diso la singano linayamba kuwathawa, ndipo Abiti ankapita nawo pakhonde m'mawa kukawalowetsera ulusi asananyamule kulaboksi.

"Bambo a Yasmin, tiyeni kuchipatala. Simukundisangalatsa ine."

"Tsiku limene anatiikira layandikira, tidzapita pa tsiku lake. Ndili ndi zovala za ukwati wa eni ake pano, ndikazisiya ndidzayang'ana kuti?"

"Zovala zili ndi moyo?"

"Ndi dzuwali, Abiti. Mvula ikangogwa muona, Insha Allah. Mankhwala si ndikubaya?"

Mawu otsirizawa ndi amene ankawatseka pakamwa Abiti. Mankhwala ankabaya, iwo eni ankaona. Ndiye anafunafuna cholakwa kwina konse. Anasiya ufa woyera n'kumaphika mgaiwa, anabisa shuga kuti ngakhale alendo asamuone, anathamangitsa mayi wa mandasi amene ankaima pakhonde la amuna awo. Ataona kuti sizikusintha, anaganiza kuti mwina kutentha kukufikabe kumankhwala, choncho anakankhira kabotoloko m'kati kwambiri, n'kuleka malonda a mafilizesi kuti kachitseko ka m'mwamba kasamatsekulidwe masana. Ndiwo zinachepa pakhomopo, koma iwo sanadandaule.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, mwini sitolo anabwera akuthamanga. Che Twalibu anali atagwera pa makina, akupuma mofulumira ngati munthu wokwera phiri, osayankha akaitanidwa. Anthu anaimitsa galimoto n'kuwanyamula. Abiti sanakwere nawo. Anathamangira kaye kunyumba, anatsekula filiji, anatenga kabotolo kaja n'kukaika mu fulasiki pamodzi ndi zidutswa za ayisi, kuti madokotala akaone kuti kwawo kulibe chibwana.

Anawapeza atagonekedwa, dilipi ili pamkono. Namwino wina wachikulire, wa imvi za m'mbali, anawafunsa mafunso akulemba.

"Bambowa amabaya mankhwala awo?"

"Tsiku lililonse, anesi. Sanadumphepo olo kamodzi, ine ndimakhala pomwepo."

"Mwabwera nawo?"

Abiti anatsekula fulasiki n'kukhuthulira m'dzanja. Kabotoloko kanatuluka katamatirira ku ayisi, m'kati muli gwa. Anakapereka ndi manja awiri. Namwino uja anakakweza m'mwamba, anakatembenuza, ndipo anasiya kulemba.

"Mayi, kakhala kakuundana chonchi kuyambira liti?"

"Chiyambireni kutenthaku. Ndinachita kuchotsa malonda anga kuti kakhale m'mwamba mwenimweni. M'munsi mumafunda magetsi akazima."

Namwinoyo anaika kabotoloko pambali. Sanakalipe. Anawagwira pamkono n'kutuluka nawo panja, kuseri kwa chitseko kumene kunalibe anthu, ndipo kumeneko anawauza motsitsa mawu zimene kuundana kumachita ku mankhwala amenewa.

"Koma ndimakafumbata m'manja, anesi. Kamasungunuka bwinobwino. Taonani, pompano kasungunuka."

"Kusungunuka kamasungunuka, mayi anga. Koma zimene bambowa akhala akubaya masiku onsewa sizikusiyana kwenikweni ndi madzi."

Abiti anakhala pansi pa simenti. Sanalire. Anangoyang'ana dzanja lawo, limene linali likudontha madzi a ayisi, kenako anafunsa ngati amuna awo adzuke. Namwino anati ayesetsa, ndipo anayesetsadi, koma shuga anali atakwera kwa nthawi yaitali ndipo thupi linali litauma. Abiti anakhala pambali pa bedi akunyowetsa milomo ya amuna awo ndi kansalu, akudikira kuti atsekule maso ngakhale pang'ono pokha kuti awauze. Ankafuna kuti Che Twalibu amve kuchokera pakamwa pawo, awakalipire kapena awaseke monga ankachitira. Che Twalibu sanatsekule maso. Anatsirizika mawa lake dzuwa lisanafike pakati.

Asilamu sagoneka maliro. Uthenga unathamanga pa mafoni, Yasmin anafika kuchokera ku Balaka akulira kuyambira pamsewu, amuna anasambitsa thupi n'kulikulunga mu nsanda, ndipo swala ya chakumadzulo itangotha ananyamula jeneza kulowera kumanda. Amayi anatsala pakhomo monga mwa mwambo, atadzaza m'nyumba ndi pakhonde, thukuta lili kamukamu. Abiti anakhala pa mkeka atatsamira khoma, nsalu itaphimba kumutu. Zimene anauzidwa kuseri kwa chitseko chija anali asanauze munthu, ngakhale mwana wawo.

Pakati pa amayiwo panali a Ayisha, alongo ake a Che Twalibu, amene anafika mochedwa kuchokera ku Nkaya n'kupeza thupi litakulungidwa kale. Anali mayi aatali, osabisa mawu, ndipo chisoni chawo chinatuluka ngati mkwiyo. Anakhala moyang'anizana ndi Abiti n'kulankhula mokweza kuti nyumba yonse imve.

"Ine sindikumvetsa, alamu. Kwathu kuli anthu a shuga omwewu, ena okalamba kuposa achimwene anga, akulima mpaka lero. Awa ankabaya jakisoni tsiku ndi tsiku. Afa bwanji? Munkawasamala bwanji m'nyumba muno?"

Abiti anadzutsa mutu. Koma asanatsekule pakamwa, mayi Elsie, amene anali atakhala pafupi ndi khomo, anakonza nsalu yawo n'kulowererapo.

"Pepani amayi, ine ndine wobwera, si wa mtundu wanu, si wa mpingo wanu, koma pamenepa sindikhala chete. Ine ndimalowa m'nyumba muno m'mawa uliwonse. Mayi awa mankhwala a amuna awo sankawaika pamene timaika ife nsomba iyayi. Dzuwa litakula anachotsa malonda awo, zinthu zowadyetsa, n'kuika kabotolo kaja m'mwamba, pakati pa ayisi penipeni, kuti kutentha kusakakhudze. Geni anaisiya chifukwa cha kabotolo kameneko. M'mawa ankakafumbata m'manja mwawomu mpaka kasungunuke, dzanja kuchita kuuma ndi kuzizira, osadandaula. Ndinaona ndi maso angawa. Mundiuze mkazi wina ku Liwonde kuno amene angachite zimenezo."

Amayi anavomereza m'nyumba monse. Wina anati ana ake ndi amene anadya mafilizesi aja tsiku limenelo. Wina anati akazi a masiku ano akaphunzire pamenepa.

Nkhope ya a Ayisha inagwa, ndipo anakwawa ndi maondo kudutsa pa mkeka mpaka pamene panali Abiti. Anagwira manja awo onse awiri, anawatembenuza, n'kuwaika pa chifuwa chawo.

"Mundikhululukire, alamu, ndi chisoni chandilankhulitsa. Munachita mbali yanu. Inali nthawi yawo basi. Manja awa Mulungu awadalitse."

Abiti anayesa kuchotsa manjawo koma a Ayisha anawagwiritsa. Anatsekula pakamwa kuti anene zoona, koma chimene chinatuluka ndi kulira kokha, kulira kumene kunali kutakanirira m'chifuwa chichokereni kuchipatala. Yasmin anawakumbatira kumsana. Amayi anasendera pafupi n'kumawasisita mapewa, akuuzana kuti asiyeni alire, ankawakonda amuna awo.